Dzanja Lachisanu pa Meda ya a Njobvu

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu, Mwini mvula ndi dzuwa, amene amadyetsa ngakhale mbalame zosadziwa khasu. Ndimuyamika chifukwa anatibweleka Bambo Zuze Njobvu zaka zambili kuposa zimene nkhondo inafuna kuwasiyila, ndipo atawafuna anawatenga ali pa mphasa yao, osati m'thengo. Tinawaika m'manda mwezi watha kwathu kuno, kumwela kwa Nyimba, kufupi ndi malile a Mozambiki. Ine ndine mai wogulitsa mchele ndi kapenta pa msika wa Pakachele. Sindine m'bale wao. Malo anga ogulitsila anangokhala pafupi ndi muzu umene iwo ankakhalapo, ndipo zimene ndinaona ndi kumva pamenepo ndizo ndilemba.

Pakachele si msika wotchuka. Palibe denga kapena simenti, pali mtengo umodzi wa kachele ndi bwalo la fumbi. Umasonkhanitsa midzi isanu, itatu ya kuno ndi iwili ya tsidya la malile. Loweluka lililonse a tsidya amabwela ndi chimanga, nyemba ndi mbuzi, pamutu ndi panjinga, ife timabwela ndi mchele, sopo, nshawa ndi mafuta ophikila. Ndalama za maiko awiliwa sizimvana bwino m'manja mwa anthu a kumudzi, choncho zambili timangosinthana, ndipo chotiweluza ndi meda, chitini choyezela mbeu. Aliyense ali ndi meda yake, koma iliyonse iyenela kulingana ndi imodzi, imene a Njobvu ankasunga.

Msika sunkayamba chifukwa choti anthu afika. A Njobvu ankadzaza meda ija ndi chimanga, naimeta ndi kamtengo kuti isakhale ndi mutu, kenaka mudzi uliwonse unkatumiza munthu wake kudzaikapo dzanja. Woika dzanja ankati, "Tili momwemo." Manja asanu akakwana, iwo ankamenya chikhasu cha pulawo chopachika pa nthambi, ndipo pokhapo thumba loyamba linkamasulidwa. Dzanja limodzi likasowa, chitsulo sichinkalila. Lamulo limeneli analiika ndi iwo eni, ndipo ankalikonda ngati mwana wa paukalamba. Ankati mudzi waung'ono ulibe lole, ulibe sitolo, chuma chake ndi dzanja lomwelo.

Anali munthu wamfupi, wa mapazi aakulu ong'ambika zidendene. Jekete sankavula ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo kamtengo kometela kankatuluka m'thumba la pachifuwa monga cholembela cha kalaliki. Pa msika sankalawa cha munthu aliyense, ngakhale nshawa imodzi yokazinga. Madzi ankabwela nao ao. Ankati wogwila muyeso asakhale ndi mchele wa mnzake pa lilime. M'tchalitchi ankakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, ndipo abusa atawapempha kuti asendele kutsogolo monga mkulu, anayankha kuti munthu amene anaonapo nyumba ya Mulungu ikuyaka anthu ali mkati amapemphela bwino akuona potulukila. Akakwiya sankakweza mau. Ankang'ung'udza Chipwitikizi pansipansi, ndipo ife tinkadziwa kuti tisawafunse kanthu.

Anabadwila tsidya. Anathawa nkhondo ali mnyamata wokhwima, anasungidwa ku malo a othawa kwao kupitilila Petauke, ndipo kumeneko anakumana ndi mkazi wachinsenga wa kwathu kuno. Anzao atabwelela, iwo anatsala, nadzakhala mkamwini m'mudzi mwathu, nalima thonje mpaka msana unakana.

Ndeu yao ndi akazi ao ya tsiku ndi tsiku inali ya mabatile. Amai a Njobvu ankawafuna a tochi, bambo ankawafuna a wailesi. Nkhani za mpila kapena nyimbo sankazisamala, koma wailesi ikangotchula malonda a pakati pa maiko, ankaikumbatila ngati khanda. Amai ankafuula ali kukhitchini, "Kodi maiko anuwo adzabwela kudzakupalilani thonje?" Iwo ankayankha kuti kupalila sadzabwela, koma pokolola amafika chaka chilichonse, osaoneka.

Chiyambi cha zimenezi chinali ulendo wa ku Lusaka. Alimi a thonje anawatuma ku msonkhano wofuna kudziwa chifukwa chake mtengo unkagwa ngakhale thonje lituluke loyela. Atabwela anayamba kutiuza pang'onopang'ono, ali pa muzu wao, msika usanatseguke. Anati maiko nao ali ndi Pakachele pao, mu mzinda wina wa ku Ulaya, kumene anapangana malamulo a malonda kuti dziko lamphamvu lisamachite zilizonse zimene lifuna. Kumenekonso chinthu sichipita mpaka onse atavomela. Koma maiko olemela amathila ndalama za boma m'manja mwa alimi ao a thonje, iwo n'kulima mopitilila ndi kugulitsa motchipa, ndipo mtengo ukagwa kumeneko umadzagwela pa mutu wa mlimi wa kumudzi kuno amene sanamvepo dzina la mzindawo. Zaka zitapita anationjezela zina za mu wailesi: bwalo lomaliza loweluza milandu yotele linaima, chifukwa dziko lina lalikulu linakana kuti asankhidwe oweluza atsopano, mipando n'kutsala yopanda anthu. Ndiponso pali maiko amene anali osauka pamene malamulo ankaikidwa, napepukilidwa katundu, lelo analemela, koma kupepukilako akukugwilabe ndi manja awili. Apa ankagwedeza mutu kwambili.

Mlamu wao, a Mumba, mlimi mnzao wa thonje, sankawalola kumaliza.

"Mlamu, malamulo amenewo anaika ndani? Anaika okhuta. Mbuzi siitanidwa pokambilana za mpeni. Angotentha zonse, aliyense agulitse mmene afunila."

"Inu mlamu simunaonepo msika wopanda lamulo," ankatelo a Njobvu. "Ine ndinauona."

Nkhani yake tonse tinkaidziwa. Nthawi ya nkhondo anthu a mfuti anafika pakhomo pa makolo ao, namasula mbuzi zonse, nawaikila m'manja chigoba cha chipolopolo, nati malipilo ndi amenewo, thokozani. Ndipo anathokoza. Ankati lamulo loipa ungathe kulikokela pansi pa mtengo n'kukangana nalo, koma mfuti ilibe mtengo wake wokambilapo. Denga likadontha umakwela n'kukonza, sutentha nyumba.

"Nanga denga lanulo limadontha mbali ya osauka yokha bwanji?" ankafunsa a Mumba.

Pa funso limenelo a Njobvu ankangotulutsa kamtengo kao n'kumakapukuta pa jekete.

Tsopano ndinene za mutu wa meda, pakuti ndipo panagona mlandu. Nkhondo itatha, mlongo wao wa a Njobvu anabwelela kwao ku Nyansato, umodzi wa midzi iwili ya tsidya, ali ndi mwana wamng'ono dzina lake Dumingu. Anapeza tchile, analibe ngakhale khasu. Pamene msika unkakhazikitsidwa, a Njobvu anachondelela midzi itatu ya kuno kuti a tsidya azilandila meda ya mutu, yodzaza mpaka kutundumuka, koma popeleka azipeleka yometa. Anawakumbutsa kuti Malembo salola mwini munda kukolola mpaka m'mphepete, chifukwa m'mphepetemo ndi mwa mlendo ndi wamasiye. Anthu anavomela ndi mtima umodzi. Ndipo a Njobvu analonjeza mlongo wao kuti iwo ali moyo, mutu wa meda sudzachoka.

Mlongoyo anamwalila. Zaka zinapita. Nyansato ili ndi mtsinje wosaphwa ndi madimba, ndipo anthu ake ndi akhama, sindingawanamizile. Anayamba kukolola kawili pachaka, anafolela malata, Dumingu anakula nagula ng'ombe ndi njinga yamoto, nakhala woimila mudzi wake pa meda. Mudzi winawo wa tsidya, Kalowa, uli pamiyala, unatsala monga unalili. Kuno anthu anayamba kung'ung'udza popeleka mutu kwa a Nyansato. A Njobvu, amene ankamva kunong'ona kwa maiko a kutali mu wailesi, kung'ung'udza kwa pafupi ndi muzu wao sanakumve. Ndinawakonda, koma ndiyenela kunena kuti apa anali ndi khungu.

Kenaka kunadza chaka chimene mvula inadula chimanga chitangomasula ngayaye. Kuno nkhokwe zinali mbee. Ku Nyansato madimba anabeleka. Ndinaona amai a kwathu akupeleka nshawa zobzala, meda ya mutu, n'kulandila chimanga meda yometa, kuchokela kwa anthu onenepa masaya. Palibe ankaba. Lamulo linkatelo.

Woimila Kamphata, mudzi waukulu wa pamseu, anali Bambo a Daka, mwini sitolo ndi lole. Loweluka lina meda itafika kwa iwo anangopinda manja. Sananene chifukwa. Chitsulo sichinalile, anthu anabwelela ndi katundu wao, ndipo ena anakhotela ku sitolo kwa a Daka, kumene muyeso unali wa mwini sitolo. Loweluka lotsatila zinali chimodzimodzi.

Tsiku limene sindidzaiwala linali la dzuwa la Okutobala, lija loti nkhuku zimayenda zitayasama. Bwalo linadzaza m'mawa. Amai a ku Kalowa anafika ndi nyemba zao zomaliza, miyendo yoyela fumbi. Matumba a chimanga a ku Nyansato anali pamzele, omanga kukamwa, ndipo ana ankawazungulila osawakhudza. Lole ya a Daka inaima pamseu, injini osazimitsa. Aliyense anamva chimene injiniyo inkanena: msika ukapanda kutseguka lelo, chimanga chonsechi chikwela lole, ndipo Pakachele patha.

Meda inadzazidwa, inametedwa. Manja anai anaikidwa. A Daka anali pa mpando umene anabwela nao, manja pachifuwa.

"A Daka, meda ikudikila," anatelo a Njobvu.

"Idikile. Ilibe miyendo."

Phokoso linayamba kumbuyo kwa khamu n'kumabwela kutsogolo. A Mumba ananyamuka, natola nyundo yomenyela chitsulo.

"Mlamu, anai ndi ambili kuposa mmodzi. Ngati dzanja lanu lalema, ndimenye ine."

A Njobvu anapita pa chikhasu chija naikapo chikhatho chao. "Menyani. Koma muyambe ndi dzanjali."

"Ana agone ndi njala chifukwa cha mwambo wanu wa chitini?"

"Mukamenya lelo popanda dzanja lao, mailo iwo adzamenya popanda lanu. Ndipo iwo ali ndi lole."

Ndinayang'ana kumseu. Amuna ena anali atatola miyala, akuyandikila lole, ndipo woyendetsa anali atatsika atagwila chitsulo chomasulila matayala. Ndinapemphela osatseka maso. Ndinati Ambuye, musalole kuti magazi agwe pa malo amene timagulapo chakudya.

A Njobvu anatembenukila kwa a Daka. "Kukana ndi ufulu wanu, anauika ndine. Koma munthu sakana ndi pakamwa potseka. Nenani pano, anthu amve."

A Daka anaimilila mosafulumila, napita pa matumba aja, nagunda limodzi ndi nsapato. "Ndifunse ine. Wanjala ndani pano? Awa a malata ndi njinga zamoto, kapena amai aja akugulitsa mbeu yobzala? Chaka ndi chaka tikupeleka mutu kwa anthu okhuta. Nkhondo inatha ine ndisanamele imvi. Mutu umenewu ndi wa nkhondo, a Njobvu, kapena ndi wa mlongo wanu?"

Ine ndinkadziwa kuti a Daka sanabwele chifukwa cha chifundo pa amasiye, lole yao inkachitila umboni. Koma Mulungu amene anatsegulapo pakamwa pa bulu sasankha chiwiya. Mau aja anali oona, ndipo a Njobvu anawamva kuti ndi oona. Anaima nthawi yaitali, milomo ikuyenda ndi Chipwitikizi chao. Kenaka anakhuthulila chimanga cha mu meda pa nsalu, nabwela kwa ine.

"Mwana wanga, ndibwelekeni mchele."

Anadzaza meda mpaka mutu unatundumuka, monga a Nyansato ankalandilila, naitengela kwa Dumingu, natulutsa kamtengo.

"Dumingu, meta."

"Amalume, mwaiwala zimene munauza amai?"

"Sindinaiwale."

"Munati muli moyo, mutu suchoka. Kodi mwafa?"

"Amako ndinawalonjeza mutu chifukwa analibe khasu. Iwe uli ndi ng'ombe."

"Ng'ombezo ndinazikhetsela thukuta. Ndipo kusintha lamulo kufuna manja asanu, munatiphunzitsa ndinu. Langa mulibe." Atatelo anapinda manja pachifuwa, ndendende monga a Daka.

Tsopano opinda manja anali awili, onse okhuta, ndipo pakati pao panali ife. Mai woimila Kalowa, wokalamba wosaona bwino, analankhula osanyamuka pa nsalu yake. "Bambo Dumingu, msika ukafa inu mugulitsa kwa a lole. Nanga ife a pamiyala tidzalowela kuti?" Dumingu sanamuyang'ane.

Wowelenga wa kutali ayenela kudziwa ichi. Kwathu kuno, ndi tsidya komwe, malume ndiye mwini mbumba. Mwana wa mlongo amagwada pamaso pake, amalandila mau ake pa ukwati, pa munda, pa malilo. Malume sagwadila mwana wa mlongo wake. Zikachitika pamaso pa anthu, manyazi sagwela wogwadayo, amagwela woimililayo, ndipo dzina lake limasanduka uja anagwaditsa malume ake, mpaka adzukulu ake adzalimva.

A Njobvu anaika meda pansi. Anavula jekete, chinthu chimene sitinachionepo, naipinda. Kenaka anagwada m'fumbi, bondo limodzi, kenaka linalo, nakweza kamtengo ndi manja awili. Amai ena anaphimba nkhope ndi zitenje. Amuna a miyala aja anaima pamene anali.

"Amalume, dzukani."

"Meta."

"Mukundiphelanji pamaso pa anthu?"

"Meta, mwana wa mlongo wanga."

Dumingu anayang'ana uku ndi uku ngati munthu wofuna khomo. Panalibe khomo. Anatenga kamtengo, nawelama, nakokela pamwamba pa meda. Mchele unagwela pa maondo a malume ake. Anaika dzanja, nati "Tili momwemo," mau akutulukila m'mano.

A Mumba anafuna kuwadzutsa mlamu wao, koma iwo anakana, nadzuka okha pogwila mtengo. Sanasase fumbi. Anapita kwa a Daka.

"Mwalandila zanu. Tsopano mumve zanga."

Ananena zinthu ziwili. Mutu wa meda sudzakhalanso wa tsidya kapena wa kuno. Nyengo yokolola ikatha, oimila midzi asanu aziyendela nkhokwe, ndipo mutu uzipita kumene kuli njala chaka chimenecho. Chachiwili, dzanja lokana lizigwila msika kufikila mthunzi wa kachele utachoka pa mwala wa pakati pa bwalo. Wokanayo anene chifukwa chake, anthu atatu a midzi yosakhudzidwa amve mlandu, koma mthunzi ukachoka, manja anai atsegula msika.

"Chachiwilicho sitinapangane," anatelo a Daka.

"Tikupangana pano."

"Lamulo la manja asanu munaika ndinu."

"Ndine. Ndipo ladontha."

A Daka anayang'ana lole yao. Zimene anapempha pamaso pa anthu anali atapatsidwa, ndipo chimene sanachinene sakanatha kuchinena tsopano. Akadazengelezabe, koma m'khamu munatuluka mau a mlongo wao wamkulu, mai wogulitsa masamba. "Ikapo dzanja iwe. Tinakubeleka kumsana ndife, usatichititse manyazi." A Daka anatambasula zala ziwili zokha, nakhudza m'mphepete mwa meda. Oimila ena anaikanso manja. A Njobvu anatenga nyundo m'manja mwa mlamu wao, namenya chitsulo kamodzi. Palibe analuluta. Anthu anangoyamba kumasula matumba, mwakachetechete, ngati m'nyumba ya wodwala. Patapita kanthawi injini ya lole inazima.

Chaka chimenecho mutu unapita ku Kalowa ndi ku midzi ya kuno, Kamphata yomwe. A Daka anati mudzi wao sufuna chifundo, koma amai a kwao sanawafunse.

Ndikanakonda kulemba kuti zonse zinatha bwino, koma ndikuopa Mulungu. A Mumba anawauza mlamu wao kuti pochotsa dzanja la wamphamvu anadula ndi la wofooka lomwe, ndipo sananame. Chaka china a Kalowa anakana pa nkhani ya tsiku logulitsa mbuzi, mthunzi unachoka pa mwala, chitsulo chinalila iwo akulankhulabe. Tsiku limenelo a Njobvu anamenya chitsulo atatembenuza nkhope. Anati denga lokonzedwa nalo limadontha, kusiyana kwake n'koti tsopano tikudziwa kukwela.

Cholemela kwambili chinali cha Dumingu. Pa msika ankabwela, dzanja ankaika, koma maso ankayang'ana kumbali. Pakhomo pa malume ake sanapondenso. Akakumana nao pa njila ankapeleka moni ali pa njinga yamoto, osazimitsa. Tsiku lina ndinawauza a Njobvu kuti anapulumutsa msika. Anandiyang'ana mosakondwa. Anati iwo anachita chimene maiko aakulu amachita, anagwilitsa ntchito mphamvu imene anali nayo pa munthu amene sakanatha kukana. Anati maondo a malume nao ndi mfuti. Pa lonjezo la kwa mlongo wao anati adzakayankha okha akadzakumana, ndipo sakudziwa ngati adzamvedwa.

Za maiko sanaleke. Ankati kumeneko zidzatheka tsiku limene wina adzamete meda ya m'bale wake, ndipo dziko lalikulu lokana lija lidzatambasule manja tsiku lomwelo, pakuti palibe adzavomele kuyamba yekha mnzake akuonela. Ankawapemphelela maikowo m'tchalitchi, pamodzi ndi odwala ndi apaulendo, ndipo achinyamata ankaseka pansipansi. M'nyengo yozizila imene anadwala, makutu atayamba kufooka, ankafunsa amai kuti, "Mipando ya oweluza ija yadzazidwa?" Amai ankayankha, "Gonani bambo, akadzaza adzakutumizilani uthenga." Koma mabatile sanawabisenso.

Anatumiza mau ku Nyansato kuti afuna kuona Dumingu. Dumingu anafika iwo atatsamila kale mkono. Pa malilo anabweletsa thumba la chimanga la olila, anaima kumapeto kwa anthu, m'nyumba sanalowe.

Loweluka loyamba titaika malilo, Amai a Njobvu anatumiza meda ndi kamtengo zitakulungidwa m'chitenje, ndipo zinaikidwa pa muzu. Oimila midzi asanu anaima mozungulila, aliyense akudikila mnzake. Pa malo a a Daka, amene tsopano akalamba, panali mwana wao, foni ili m'manja. Lole inali pamseu. Mthunzi unayamba kuchoka pa mwala, ndipo palibe lamulo limene linanena chochita ngati wosowa ndi mwini meda. Ine ndinagwila thumba langa la mchele osalimasula.

Dumingu ndiye anasuntha. Anamasula chitenje, anatunga chimanga m'thumba lake nadzaza meda mpaka mutu unatundumuka, natenga kamtengo ka malume ake, nameta. Chimene chinagwa sanachitole. Anagwila meda ndi manja awili n'kuipeleka kwa mai wa ku Kalowa kuti ayambe ndiye. Sanatchule dzina la malume ake, ndipo mpaka lelo sindinamumve akulitchula.

Pa muzu sanakhalepo. Palibe amakhalapo. Ndi muzu waukulu wotuluka kum'mawa kwa kachele, wosalala pamwamba ngati mpini wakale, ndipo pansi pake pali kadzenje kamene chidendene chao chinakumba pa zaka zonsezo. Botolo lao la madzi linatsala m'phanda la mtengo, palibe walichotsa. Msika ukadzaza mpaka anthu kupondana, pamenepo pokha pamakhala poyela, anthu amalambalala ndi matumba ao. Nthawi zina wogula akakangana nane za muyeso, ndimatembenuka kuti ndiwaitane, n'kupeza masamba a kachele atagwela pa muzu. Sindidziwa kuti Pakachele padzakhalapo mpaka liti. Amalole akuchuluka, ndipo ena ayamba kupangana pa foni katundu asanafike pansi pa mtengo. Chimene ndidziwa n'chakuti Loweluka lapitali chitsulo chinalila.

Inu amene mwawelenga, Mulungu wa mtendele akusungeni pogula ndi pogulitsa. Pa chaka cha njala yanu akupatseni meda ya mutu, ndipo nkhokwe zanu zikadzadza akupatseni mtima woimeta nokha, mkulu asanagwade m'fumbi chifukwa cha inu. Adalitse minda yanu, ana anu, ndi maiko amene mukhalamo, aakulu ndi aang'ono. Amen.